Vinyo wathovu, mapichesi a kwathu ndi bodza langa

Chaka chilichonse mapichesi akayamba kupsa kuno ku Angónia, maukwati nawonso amachuluka, ndipo ife a pa wailesi timatopa ndi kuwerenga moni wa akwati ndi ankhoswe awo. Pakati pa mauthengawo sipalephera wina wondifunsa kuti: "Achimwene, chakumwa chofiirira chija munapanga pa ukwati wa mlongo wanu, kapangidwe kake nkotani?" Ndakhala ndikuzemba funso limeneli. Lero ndiyankha pa tsamba lino, koma mundilole kuti pamodzi ndi kapangidweko ndikuuzeninso zimene chakumwacho chinachita pa mudzi pathu, chifukwa ndikakupatsani chimodzi nkubisa chinacho ndidzakhala ndalakwa kawiri.

Chakumwachi ndinachiona koyamba ku Maputo mu 2019, pa phwando lotsekera maphunziro athu a ntchito. Bambo wina wachikulire amene ankaperekera zakumwa anaona kuti ndikungotembenuza tambula m'manja ngati munthu wa kumudzi, ndipo anandifotokozera mwaulemu. Anati dzina lake ndi Bellini, ndipo chinayambira mu mzinda wa Venice ku Italy, pa nyumba ya zakumwa yotchedwa Harry's Bar. Mwini wake, Giuseppe Cipriani, ndiye anayamba kusakaniza mapichesi osinja ndi vinyo wathovu wa kwawoko wotchedwa prosecco, chaka cha 1950 chisanafike, nachipatsa dzina la mmisiri wakale wa zojambula, Giovanni Bellini. Nditamva zimenezo ndinaseka mumtima. Mapichesi! Zipatso zomwe kwathu zimawolera pansi pa mtengo, zomwe amayi amagulitsa mulu wonse pa mtengo wa sopo mmodzi, ndi zomwe akuluakulu a mumzinda ankamwa ataimirira ndi masuti awo. Ndinalumbira kuti tsiku lina ndidzaonetsa anthu a kwathu.

Tsikulo linafika mu Disembala 2022, pamene mlongo wanga wamng'ono ankakwatiwa. Ndinanyamuka ku Tete ndi mabotolo asanu ndi limodzi a espumante, ndiye dzina la vinyo wathovu m'Chipwitikizi, nditawakulunga m'bulangete. Kuchokera pa Moatize mpaka kukhota pa Mussacama, katoniyo ndinali nditaikumbatira pa miyendo ngati khanda.

Mwina ena mukudabwa kuti thovulo limachokera kuti. Amayi amene amafulula mowa wa masese akudziwa kale yankho. Chofufumitsa chikadya shuga chimatulutsa zinthu ziwiri, mowa ndi mpweya. Mu mbiya ya masese mpweyawo umathawa, nchifukwa chake mumamva mowa ukuwira usiku. Opanga vinyo wathovu amawiritsa vinyo kachiwiri m'chotengera chotseka ndithu, ndiye mpweya umasowa kothawira nkukhala m'vinyo momwemo. Wa ku chigawo cha Champagne ku France ndiye yekha ali ndi ufulu wa dzina lakuti champagne, ngakhale ife timatchula aliyense kuti shampeni. A ku Portugal ali ndi wawo wa ku Bairrada, ndipo m'masitolo a ku Tete mumapezekanso wa ku South Africa. Pa chakumwa chathuchi musataye ndalama pa wodula. Gulani wotsika mtengo, koma werengani pa pepala la botolo. Akalemba bruto kapena brut ndiye kuti alibe shuga wambiri, ndipo ameneyo ndiye woyenera popeza zipatso zibweretsa kale kutsekemera. Akalemba doce, chakumwa chanu chidzakhala ngati uchi ndipo anthu adzanyansidwa nacho pa tambula yachiwiri.

Tsono kapangidwe kake ndi aka. Pa botolo limodzi la mamililita 750 tengani mapichesi asanu ndi limodzi akupsa bwino, aja ofewa ukawadina ndi chala ndiponso onunkhira. Aviikeni m'madzi otentha kwa mphindi imodzi, kenaka m'madzi ozizira, ndipo khungu lidzasendeka lokha. Chotsani nthanga, yang'anani ngati mulibe mphutsi, sinjani ndi supuni kapena mu kamtondo kotsuka bwino kosanunkha tsabola, nkusefa pa sefa kapena pa nsalu yoyera. Finyiranimo theka la ndimu nthawi yomweyo, chifukwa pichesi losenda likakhala pa mphepo limada ngati mbatata yodula.

Mtundu wofiira ndi fungo la maluwa ndinawonjezera ndekha ndi zinthu za kwathu konkuno. Tengani chidede chouma chodzaza dzanja limodzi, wiritsani m'makapu awiri a madzi kwa mphindi 10, sefani, thiranimo kapu imodzi ya shuga nkutakasa mpaka asungunuke. Mukaphula mphikawo ponyanimo masamba a maluwa a rozi awiri onunkhira bwino, vundikirani, ndipo musiye mpaka uzizire musanasefenso. Mukawiritsa maluwawo pa moto fungo lonse lidzapita ndi nthunzi. Pano ndikuchenjezeni, inu alimi anzanga a kachewere ndi tomato. Duwa lililonse limene lamera pafupi ndi dimba lopopera mankhwala lisalowe m'chakumwa, ngakhale mutalitsuka. Musathyolenso duwa lililonse poona kukongola, pakuti maluwa ena a pabwalo ndi poizoni. Ngati rozi wodalirika palibe, chidede chokha chikwana.

Chovuta kumudzi ndi kuziziritsa. Vinyo wathovu wofunda sakoma, ndipo ukamutsegula amathawa theka. Ife tinatuma mnyamata pa njinga yamoto kukagula madzi oundana ku Ulongwe, tinawathira mu ndowa pamodzi ndi madzi, nkuviikamo mabotolo kwa theka la ola. Potsegula musachite za m'mafilimu. Mpweya wa m'botolomo uli ndi mphamvu yoposa kawiri ya m'tayala la galimoto, ndipo chitsekero chikauluka chingathe kuphulitsa diso la mwana. Lozetsani botolo kumene kulibe anthu, masulani kawaya chala chili pa chitsekero, gwirani chitsekerocho ndi nsalu, ndipo muzipotokola botolo pang'onopang'ono mpaka mumve kakuusa moyo. Sakanizani mapichesi ndi masupuni anayi kapena asanu a madzi a chidede aja, thirani m'matambula mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, kenaka dzazani ndi vinyo tambula itapendekeka. Takasani kamodzi kokha. Botolo limodzi limakwanira anthu asanu ndi atatu, ndipo chimwedwe nthawi yomweyo thovu lisanathe.

Pa ukwati paja zonsezi zinayenda bwino. Chakumwa chinatuluka chofiirira ngati kumwamba dzuwa likamalowa kuseri kwa phiri la Domwe. Azimayi analulutira. Ine ndinkayendayenda pakati pa mipando ngati tambala.

Nkhoswe ya mlongo wanga anali amalume athu, alongo awo a amayi. Aliyense pa mudzi pathu amadziwa mbiri yawo. Kachasu anawadyera ng'ombe zinayi ndi ngolo, ndipo pang'ono nkuwadyera banja. Tsiku lina anasiya, nalowa mpingo umene sulola ngakhale dontho, ndipo pofika pa ukwatiwo anali atatha zaka 11 osalawa mowa. Anali atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Ine zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe.

Mtsikana amene ankaperekera zakumwa anabwera kudzandifunsa kuti awauze chiyani anthu a pa gome la akuluakulu. Ndinaganiza kuti ndikatchula vinyo, theka la gomelo likana, ndipo ntchito yanga yonse sioneka. Ndinadzinyenga kuti kavinyo kosakaniza ndi zipatso si mowa weniweni. Ndiye ndinati: "Ungonena kuti ndi madzi a mapichesi."

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Vinyo wathovu amakhala ndi mowa wokwana magawo 11 kapena 12 pa 100 aliwonse. Ukasakaniza magawo awiri a vinyo ndi gawo limodzi la zipatso, umatsala ndi pafupifupi magawo 8, pamene mowa wa m'botolo umene timaudziwa uli ndi pafupifupi magawo 5. Ndiye kuti chakumwa changa chokongolacho chinali chaukali kuposa mowa wa ku bawo, koma lilime silikanadziwa chifukwa shuga ndi pichesi zinaphimba kuwawa konse. Thovu nalonso limathandiza mowa kulowa msanga m'magazi. Kunja kunkatentha, nsima inali isanafike, ndipo amalume anamwa matambula atatu motsatizana nayamikira kuti mphwawo waphunzira zinthu ku tauni.

Itakwana nthawi ya malangizo, amalume anaimirira. Anayamba bwino, koma pakati pa mawu lilime linalemera. Anabwereza chiganizo chimodzi katatu, natchula mkwati ndi dzina la munthu wina, kenaka anagwira gome. Achinyamata ena kumbuyo anayamba kuseka. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene anazindikira chimene chinali m'mutu mwawo, pakuti munthu amene anamwapo saiwala kamvekedwe kake. Anakhala chete, nayang'ana tambula yopanda kanthu ija, nayang'ananso ine. Akazi awo anawagwira dzanja nkutuluka nawo, abale a mwamuna onse akuona. Mlongo wanga analira m'chophimba chake cha ukwati.

M'mawa mwake amayi sanandikalipire. Anangondipatsa nkhuku yomanga miyendo nati: "Pita kwa amalume ako." Ndinawapeza atakhala pa khonde. Ndinagwada, nkuyamba kufotokoza za Venice ndi za magawo a mowa, koma anandidula.

"Mphwanga," anatero, "ukanandiuza kuti muli vinyo, ndikanakuthokoza nkupempha thobwa, ndipo palibe akanadandaula. Iwe unandisankhira. Zaka 11 ndakhala ndikudutsa pa nyumba za kachasu nditatseka mphuno, ndiye mowa wandipeza pa gome la mwana wa mlongo wanga. Usiku wonsewu sindinagone, chifukwa pakhosi panga pakumbukira."

Mawu omalizawo ndi amene anandiopsa. Ndinabwerera ku Tete, koma kwa miyezi ingapo foni ya kumudzi ikalira mtima unkagunda, poganiza kuti andiuza kuti amalume awaona pa kachasu. Mwayi wake sizinatero. Iwo anapita okha kwa akulu anzawo a mpingo kukaulula, ndipo ine ndinalemba kalata yovomera kuti wolakwa ndine, imene inawerengedwa pamaso pa anthu. Munthu amene mawu ake amamveka m'maboma onse a chigawo chino anachita kuwerengedwa ngati mwana wakuba mazira. Zinandiyenera. Koma kupirira kwa amalume ndi kwawo, ine sindingadzitamire nako, ndipo pali ena amene tambula imodzi yotere ikanawabwezera kumene anachokera.

Taganizaninso ena amene anali pa bwalo paja. Panali amayi oyembekezera, amene mowa ungapweteke mwana ali m'mimba. Panali odwala amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Panali anyamata a njinga zamoto amene ankayenera kubweza alendo usiku pa misewu yathu ya matope. Panali ana, amene chilichonse chofiira ndi chotsekemera amachithamangira. Kachasu ndi masese sizinamiza munthu, fungo limanena lokha. Chakumwa chonga changachi chilibe pakamwa, ndiye mwini phwando ayenera kuchiyankhulira.

Sindinasiye kuchipanga. Mu 2024 pa chinkhoswe cha msuweni wathu anandipemphanso, ndipo ndinavomera nditaika lamulo langa. Ndinakonza magome awiri otalikirana. Pa gome loyamba panali cha vinyo, ndipo ndinamangapo nsalu yofiira nkuikapo munthu wamkulu woti azithira yekha, osati mwana. Pa gome lachiwiri panali mapichesi omwewo ndi chidede chomwecho, koma m'malo mwa vinyo tinathira madzi a gasi ozizira, aja a m'botolo opanda shuga. Mtundu ndi womwewo, thovu lilipo, fungo la rozi lilipo, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Anthu asanayambe kumwa ndinaimirira nkulengeza ndi mawu anga a pa wailesi kuti uku kuli mowa, uku kulibe. Cha pa gome lachiwiri ndi chimene chinayamba kutha.

Amalume analipo. Anapita pa gome lopanda nsalu yofiira, nanyamula tambula, naiyang'ana pa dzuwa, kenaka anandiitana ndi dzanja.

"Mphwanga, muli chiyani umu?"

"Mapichesi, chidede, rozi, ndimu, shuga ndi madzi a gasi, amalume. Palibe china."

"Bwereza."

Ndinabwereza, anthu akuseka, iwonso akumwetulira. Atatero anamwa, napempha yachiwiri.

Choncho inu amene munandifunsa, kapangidwe ndi kameneko. Mapichesi athu ndi oyenera gome lililonse, ndipo ndingakondwe kumva kuti akomera maukwati a ku Tsangano, ku Macanga ndi kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Ntcheu. Koma musanapereke tambula m'manja mwa mlendo, muuzeni zimene zilimo, ngakhale asanafunse.