Mbiri imene adzanene akukumba manda

Wokondedwa mphwanga,

Kuno tili bwino, mayi ako mawondo okha ndiwo akuwasautsa. Uthenga wako ndaumva, woti wayamba kusunga ndalama zodzandimangira chiliza cha matailosi kuti ndikadzatsikira kulichete anthu asadzandiiwale. Zikomo, koma undimvere ndikadapuma.

Monga mwinimbumba, ndayankhulapo pamaliro ambiri, ndipo ndaona kuti munthu amasiya mbiri ziwiri. Ina ndi ija timawerenga papepala: anabadwa chaka chakuti, anagwira ntchito kwakuti, wasiya ana angapo. Imeneyo timalemba achibale usiku, zoipa zonse titachotsamo. Inayo imanenedwa ndi adzukulu m'bandakucha akukumba manda, komanso amayi akuphika kuseri kwa siwa. Kumeneko satchula madigiri. Amati, "Uyu ankatulutsa ngolo yake pakati pa usiku kutengera wodwala kuchipatala." Kapena amati, "Uyu anasuntha malire a munda wa mayi wamasiye." Zidzukulu zako zidzamva mbiri yachiwiriyi.

Taganiza za John Chilembwe. Anaphedwa mu February 1915, atsamunda namukwirira mobisa popanda chizindikiro, tchalitchi chake cha ku Mbombwe, ku Chiradzulu, nachigwetsa. Ankafuna kuti dzina lake lizimirire. Koma mu 1926 Daniel Malikebu, yemwe anaphunzira pasukulu ya mishoni ya Chilembwe ali mnyamata n'kukaphunzira udokotala ku America, anadzatsegulanso mishoniyo, Providence Industrial Mission. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa K500 ndi K2000, ndipo pa 15 January dziko lonse limamukumbukira. Anamusunga ndi anthu amene iye anawaphunzitsa.

Ine sindine Chilembwe. Komabe ndikakhala pakhonde n'kumayang'ana m'mbuyo, nyumba yamalatayi siibwera m'maganizo. Ndimakumbukira ana a malemu mng'ono wanga, amene ndinawalera pamodzi ndi anga osasiyanitsa mbale, ndi milandu ya minda imene tinaithetsa pansi pa mtengo isanafike kwa a mfumu. Zimenezi ndizo zimandigonetsa tulo.

Choncho ndalamazo ulipirire fizi mlongo wako wamng'ono amalize Folomu 4. Pamanda panga padzakhale mtanda chabe. Bokosi lidzakhale lamatabwa wamba, ndipo wina asadzatenge katapila chifukwa cha ine. Ndaona mabanja akugulitsa mbuzi ndi chimanga cham'nkhokwe kuti maliro aoneke apamwamba, ana n'kugona ndi njala mwezi wa February.

Za iwe mwini, nazi zitatu. Choyamba, usatalikire maliro a anzako. Maliro n'kulirana. Kutumiza chipepeso pafoni n'kwabwino, koma ukakhala pafupi, pita ukagone panja pamoto ndi amuna anzako. Midzi ina adzukulu amaika makasu pansi akamva kuti wamwalirayo sankaoneka pazovuta za ena.

Chachiwiri, lemba wilo ukadali wamphamvu. Kulemba wilo sikuitana imfa. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa mkazi ndi ana otsala, koma lamulo limafika mochedwa, achibale atanyamula kale mipando ndi ziwiya. Pepala lako lidzateteza apongozi athu ndi ana.

Chachitatu, ngongole ndi chidani usazisunge. Bweza zamwini, ndipo amene unayambana naye umupeze ali moyo. Kupepesa pamutu pa bokosi kumangotonthoza wopepesayo.

Udindo wa mbumbayi udzagwera iwe. Ubwere pa Khrisimasi, ndipo udzatenge nsapato zolimba. Ndikufuna tidzayende limodzi m'minda yonse, ndikuonetse malire ake ndi eni ake pamaso pa mboni, kuti pasadzakhale wokangana ine kulibe.

Upereke moni kwa onse kunyumbako.

Ndine malume ako.