Funsani Amene Amagona M'madzi

Ndakulira mu Kanyama. Caka ciliconse mvula ikagwa yamphamvu, timanyamula nsapato m'manja ndi kuyenda m'madzi kukakwera basi. Pa wailesi pamene ndimathandizako, uthenga wanga unali umodzi: "Lekani kutaya zinyalala m'ngalande." Ndinali kuganiza kuti vuto lonse ndi limenelo.

Mu Januwale 2024 kolera inakula mu Lusaka. National Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo mwana wa aneba anga anagonekedwa kumeneko. Anacira. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, malaiti anayamba kupita tsiku lonse.

Caka comweco kunabwera alendo ofuna kulemba pulani ya mmene komboni yathu ingakonzekerere kusintha kwa nyengo. Anafika ndi mapu, yankho ali nalo kale: ngalande yatsopano. Ine ndinapita kukajambula mau.

Amai ena ogulitsa malasha anaimirira. "Ana anga, ngalande ndi yabwino. Koma madzi a kuno sacokera kumwamba cabe, amatulukanso pansi." Anafotokoza kuti Kanyama ili pa mwala ndipo madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikagwa, zimbudzi zimadzaza, zonyansa n'kulowa m'zitsime zosazama. Mtsikana wina anaonjezera kuti malaiti akapita mapampu saponya, pa kiyosiki pamauma, ndipo anthu amabwerera ku zitsime zomwezo ndi zigubu zao.

Ndinacita manyazi. Cilala, malaiti, citsime, cimbudzi ndi kolera ndi cingwe cimodzi. Amaiwo anali kucidziwa, koma ine wa maikolofoni ndinali ndisanawafunsepo. Alendo aja akanalemba pulani okha, tikanakhala ndi ngalande yokongola, ana akumwabe madzi oipa.

Manje pa pulogalamu yanga ndimayamba ndi funso: kwanu madzi amayambira pati, ndipo amavutika kwambiri ndani? Amatuma foni ndi oyendetsa mawilibala, alendi, amai a pamsika, ngakhale eni nyumba.

Anzanga, Ward Development Committee ya kwanu ikaitana msonkhano, osasiyira akuluakulu okha. M'makomiti amenewa ndi mmene zopempha za ndalama za CDF zimayambira. Pitani vuto lisanapatsidwe dzina, cifukwa akalakwitsa dzina, ndalama zidzapita kwina, ndipo mu Januwale tidzanyamulanso nsapato.