Kope la Agogo ndi Chilembo Chimodzi

Ku Malindi, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, kudali nkhalamba ina imene idasiya kope la zausodzi. M'kopemo idalembamo za mphepo ya mwera, nyengo za usipa ndi malo oswanirako chambo. Itamwalira, mdzukulu wake wamkazi, amene adaphunzira zamakompyuta, adaganiza zolitayipa kopelo chiswe chisanalimalize.

Vuto lidali kalembedwe. Nkhalambayo idaphunzira sukulu bungwe la Chichewa Board lisanatulutse malamulo a kalembedwe a 1973. Choncho inkalemba "cambo" m'malo mwa "chambo", ndi "nchito" m'malo mwa "ntchito", monga momwe Ntcheu ankalembedwera kuti Ncheu.

Mtsikanayo adaona ngati nkhani yake njapafupi. M'chiyankhulo cha kompyuta cha Python muli lamulo lotchedwa replace, limene limafunafuna chilembo m'mawu ndi kuikapo china. Iye adalamula kuti paliponse pali "c" paikidwe "ch". M'kuphethira kwa diso "cambo" adasanduka "chambo", koma "nchito" idasanduka "nchhito". Dzina la Cape Maclear lidakhala Cape Machlear, pamene mudzi wa "Cembe" sudasinthe konse, pakuti makinawo amasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono.

Mtima wake udagunda poganiza kuti waononga mawu a agogo ake. Mwamwayi, lamulo la replace silifufuta mawu oyamba; limangotulutsa ena atsopano, akalewo n'kukhala momwe adaliri. Atakhazika mtima pansi adayambiranso. Poyamba adabisa "ch" aliyense wakale pomuikira chizindikiro cha #. Kenaka adasintha "c" wotsala kukhala "ch", ndipo pomaliza adasandutsa chizindikiro chija kukhala "tch". Zilembo zazikulu adazilamulira pazokha, ndipo maina achilendo adawakonza ndi dzanja, mzere ndi mzere.

Tsiku limene adawerengera abale ake kopelo, agogo ake aakazi adamvetsera ali chete. Pamapeto adati, "Mwachita bwino, amayi, koma kope lakalelo musataye. Lili ndi dzanja la agogo anu."

Makina amachita zimene auzidwa, osati zimene munthu amatanthauza. Wofuna kusintha chilembo chimodzi ayambe wafunsa kuti chilembocho chikupezekanso pati. Akuluakulu adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.