Ndakumbukira a Chikaonda

M'mawa uno ndinaima pa boda ya Mwanza ndikusenda nachesi, mathanki a mafuta ochokera ku Beira atandanda mumsewu, madalaivala akuwodzera pa chiwongolero. Mtima unathamangira kwa malemu Pulofesa Matthews Chikaonda. Ambiri timawakumbukira ngati gavanala wa Reserve Bank ndi nduna ya zachuma. Ine ndimawakumbukira ku Press Corporation, komwe anatsogolera kuyambira 2002 mpaka 2016. M'nthawi yawo, mu 2004, fakitale ya PressCane inayamba kutcheza ethanol ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe za ku Nchalo. Ethanol ameneyo amasakanizidwa ndi petulo, ndipo lita iliyonse yotchezedwa kwathu kuno sitiilipira ndi madola. A Chikaonda anatisiya mu 2018. Ndimawasowa bambo amenewa.