Alendo a ku Aisleby

Lamulungu lina m'mwezi wa Okutobala ndinakwera njinga mbandakucha kuchoka ku Sizinda, ulendo wa ku Aisleby, munda wa kanselo kumpoto kwa Bulawayo, kufupi ndi mtsinje wa Umguza. Kumeneko kumathera madzi oipa a mumzinda. Fungo lake ndi losasimbika, komatu mbalame zimakondako zedi, pakuti m'matope muli tizilombo tambiri.

Atsekwe ndi akakowa sindinawasamale, ngakwathu omwe. Ndinadzera timbalame totuwa tothamanga m'mphepete mwa madzi, tojompha matope kosapumira. Mkulu wina anandibwereka magalasi ake oonera patali nandionetsa kamodzi kamene Angelezi amati Little Stint. Kulemera kwake ndi magalamu ngati 25 basi, koma kamaswera kumpoto kwenikweni kwa Russia ndi Norway, mtunda wopitirira mamailosi 6,000. Chisanu chikayamba kwawo timathawira kuno, tifika mu Sepitembala ndi Okutobala. Pofika Epulo tanenepa, tabwerera.

Abale anga, ndinachita manyazi. Timbalame totere ndinkationa ndili mwana pa Kachulu, kunyanja ya Chilwa, koma ife tinkangoganiza za ulimbo ndi ndiwo. Sitinadziwe kuti ndi anzathu apaulendo. Ito chaka ndi chaka timakaona kwawo, popanda chitupa kapena ndalama ya basi. Ine zaka zakwana khumi ndi ziwiri, ndipo amayi akalamba.

Madzulo ake ndinatsegula chitini changa cha ndalama ndi kuwerenga. Zokafikira ku Zomba zinalipo, zobwerera zinaperewera.