Otchinga kumbuyo: kale ku Karoi, lero ku America

Kalekale m'mapulazi a fodya ozungulira Karoi ku Zimbabwe, Lamulungu masana linali la mpira. Anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene sabata yonse ankathyola fodya ndi kusonkhezera moto womuwotchera, ankatsikira pabwalo lafumbi kuseri kwa komboni, pulazi ina ikamenyana ndi inzake. Wogoletsa zigoli ankaimbiridwa nthungululu, koma akuluakulu ankalemekeza kwambiri wotchinga kumbuyo. Anali munthu wosavala jombo, mapazi ong'ambika ming'alu, amene ankadumphira mpira ndi mutu n'kudzuka magazi ali pachipumi osadandaula. Ankati timu yopanda msana ngati ameneyo isavutike n'kukwera thalakitala.

Mu 1993 komboni yonse inkaunjikana pa wailesi imodzi kumvera timu ya Zimbabwe ya mphunzitsi Reinhard Fabisch, imene inatsala pang'ono kupita ku World Cup isanagonje kwa Cameroon ku Yaoundé. Ephraim Chawanda, Francis Shonhayi ndi Mercedes Sibanda ankatchinga kumbuyo, ndipo m'mawa mwake ana ankalimbirana mayina awo akumenya mpira wa mapepala wokulunga ndi malegeni.

Kulanda minda kumene kunayamba mu 2000 kunabalalitsa makomboni ambiri. Ntchito itatha, matimu anatha nawo, mabwalo ena anamera tchire, ena analimidwa chimanga.

Lero mwana wa ku Karoi amapeza ngwazi zake pafoni. Angathe kumva za Stansly Maponga, wobadwira ku Harare mu 1991, amene anakulira ku Texas n'kusewera mpira wa ku America, uja wosongoka mbali ziwiri wonyamula m'manja. Anadziwika ku yunivesite ya TCU, ndipo mu 2013 timu ya Atlanta Falcons inamutenga. Ntchito yake inali kubowola mpanda wa adani ndi kugwetsa woponya mpira asanauponye, atavala chipewa cholimba ndi zotchinjiriza mapewa. Ndimanyadira kuti mwana wa dziko lino anafika pamenepo. Koma anafika chifukwa sukulu zake zinali ndi mabwalo ndi aphunzitsi a masewera, zimene mdzukulu wa munthu wa m'komboni alibe.

Inu amene muli ndi minda m'mapulazi akale aja, siyaniko chigawo chimodzi chosalima, muzikepo mitengo ya magolo kuti ana asewere.