Njoka siisiya ululu wake kumtunda

Pali bodza lina lomwe lakhazikika m'madoko athu ngati lamulo. Mukakhala pa Kachulu ku nyanja ya Chilwa, kaya ku Chiromo m'mbali mwa Shire, simulephera kumva msodzi wina akunena motsindika kuti njoka ya ululu siisambira. Mukamupanikiza amasintha nyimbo. Akuti inde imaoloka, koma isanalowe m'madzi imayamba yalavulira ululu wake pa mwala, n'kudzautenga pobwerera. Ndiye eti njoka yokumana nayo pamadzi ndi chingwe chabe. Abale anga, ine ndakulira m'bwato, ndipo ndikunenetsa pano kuti nkhani imeneyi ndi yoika anthu m'manda.

Ululu si chipewa choti n'kuvula. Umapangidwa m'timatumba tomwe tili m'mutu mwa njoka, kuseri kwa maso, ndipo komwe kwapita mutu ululu uli komweko. Kusambira nako njoka sizichita kuphunzira. Zimadzipinda uku ndi uku monga zichitira pa mchenga, ndipo phapo lake ndi lalitali, lotsika ndi thupi, moti likadzaza mpweya njoka imayandama ngati chubu cha galimoto. Mphiri ija mumaiyesa yaulesi ikagona panjira, pamadzi ndi katswiri, thupi lonse limaoneka pamwamba. Njoka zotambasula khosi zija, kuphatikizapo yolavulira malovu m'maso, zimasambira bwino lomwe. Anzathu a ku nyanja ya Tanganyika ali ndi ina ya mtundu womwewo yomwe imakhalira kusaka nsomba pansi pa madzi. Nanga nsombazo imazigwira ndi chiyani ngati si mano?

Komwe kunachokera bodzali ine ndikukuona. M'madambo mwathu muli tinjoka tambiri tofiirira todya achule ndi tinsomba, topanda ululu woopsa. Munthu kamuluma kameneka, wagona, kwacha ali bwinobwino, basi wayamba kulalikira padoko kuti njoka ya m'madzi siipha. Koma madzulo dzuwa litapendeka, mutu wokha ukuoneka pamadzi, ndani angalumbire kuti aka ndi kaja kodya achule osati mphiri?

Chaka china madzi atakwera, tinkapita kukavuula miono m'njedza ndi amalume anga. M'bwatomo munalinso bambo wina wa geni ya nsomba wochokera ku Limbe, wofuna kukagula matemba ku zimbowera, tinyumba toyandama tija asodzi amamanga pakati pa udzu wa m'nyanja. Tili pakati, tinangoona chinthu chonenepa, cha mawangamawanga, chikubwera molunjika bwato lathu. Mphiri! Bambo uja anadzambatuka n'kuimirira, akulimbirana nkhafi kuti aimenye. Bwato linapendama mpaka madzi kulowa.

"Khalani pansi, bambo!" anakuwa amalume. "Bwatoli likagubuduka njokayo isambira. Nanga inu?"

Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Amalume anatembenukira kwa ine: "Mphwanga, palasa chammbuyo, pang'onopang'ono." Iwo anangoika nkhafi m'madzi n'kumakankha mafunde kuloza komwe kunali njokayo. Inakhota, n'kulowera ku njedza. Sinali pa nkhondo ndi munthu. Madzi anali atamiza malo ake, inatopa, ndipo bwato lathu inaliona ngati chigumukire choti ipumirepo. Mukaimenya ndi nkhafi mutha kuinyamula nokha n'kuiponya pamiyendo panu, ndipo m'bwato la mtengo umodzi mulibe kothawira. Ku Chilwa mwina mungapulumuke poti madzi ndi osaya m'malo ambiri. Yesani kugubuduza bwato ku Shire, kwa eni ake ang'ona ndi mvuu.

Komabe kwa ine choopsa kwambiri si njoka yomwe mukuiona ikubwera. Ndi ija simunaione. Imalowa m'mono kutsatira nsomba n'kulephera kutuluka, inu n'kupisamo dzanja m'mamawa kusanayere. Imakodwa mu ukonde. Imagona pansi pa bwato lovundikira padoko, kapena mu mulu wa nkhuni zowambira mlamba. Ku Shire imakwera pa namasupuni n'kumatsika ndi madzi ngati yalipira tikiti. Nthawi ya madzi osefukira ndiye zimanyanya. Monga zinalili mu Januwale 2015, kapena mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, madzi akadzaza ku Nsanje ndi Chikwawa munthu amathawira pa chulu ndi mu mtengo. Njoka nayo ili ndi nzeru yomweyo, imathawira komweko.

Tsono ikakulumani muli pamadzi, vuto ndi mtunda. Kuchokera ku zimbowera kukafika padoko ndi maola ndithu mukupalasa, kenako mufunefune galimoto yopita kuchipatala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse kamba kolumidwa ndi njoka, ndipo mu 2017 linaika vutoli m'gulu la matenda onyalanyazidwa. Onyalanyazidwa bwanji? Poti olumidwawo ndi alimi, abusa a ng'ombe ndi ife asodzi, osati mabwana a m'maofesi.

M'maola amenewo ndi momwe anthu amadzionongera okha. Wina atulutsa lezala kutema mphini, wina akuyamwa bala, wina wadula chingwe cha ukonde kumanga mwendo mpaka kuuma. Ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuoletsa mnofu, ndiye mukamanga zolimba mukuthandiza kuti mwendowo akaudule. Kamwala kakuda kaja nako sikatulutsa ululu, kamangodya nthawi. Wolumidwa agone m'bwato, asapalase, asathamange mukafika kumtunda. Muvuleni mphete, wotchi ndi nsapato chisanayambe kutupa, chiwalocho muchigoneke pa thabwa kuti chisagwedezeke, enanu gwirani nkhafi. Mukaona zikope zikulemera, malovu akutayika, mawu akuvuta kutuluka, dziwani kuti ululuwo ukulowera ku mpweya; mugonekeni chammbali ndipo palasani ngati mwaba. Ikakhala kuti yamulavulira m'maso, mankhwala oyamba mwakhalira pomwepo: tungani madzi n'kumatsuka m'masomo kwa nthawi yaitali, osatikita, kenako kuchipatala.

Osataya nthawi kusaka njokayo kuti adokotala akaione. Ndipo mukaipeza yafa kale mu ukonde, ikoleni ndi ndodo, osati ndi zala. Mutu wa njoka, ngakhale wodulidwa, umatha kuluma patapita nthawi, ululu uli momwemo.